Kupendeketsa mlongoti ndi kukunga mawaya pa boti laling'ono la thanga: mafunso ndi mayankho

Ife a ku Lilongwe amene tinakodwa ndi maboti a matanga tili ndi malo awiri: damu la Kamuzu ku Malingunde, ndi Nyanja ya Malawi ku Senga Bay tikapeza mafuta ndi mpata. Konseku mafunso amakhala omwewomwewo, makamaka kwa amene angogula boti lakale. Ndawasonkhanitsa pano. Mayina a zida zina ndawasiya m'Chingerezi chifukwa ndi momwe timazitchulira pagombe, ndiponso ndi momwe mudzazifunsire pogula.

Kodi kupendekera kwa mlongoti n'chiyani? Mlongoti suyenera kuima chilili?

Mukayang'ana boti cham'mbali lili pamadzi, mudzaona kuti pa maboti ambiri nsonga ya mlongoti imagwera pang'ono chakumbuyo. Kumeneko ndiye kupendekera, rake m'Chingerezi. Wopanga boti anachita dala.

Mphepo ikawomba pa matanga, mphamvu yake yonse imakhala ngati yasonkhana pamalo amodzi. Pansi pa madzi, thabwa lapakati lija timati centreboard pamodzi ndi chiwongolero zimakaniza boti kutsetsereka cham'mbali, ndipo kukanizako nakonso kuli ndi malo ake amodzi. Mphamvu ya matanga ikakhala kumbuyo kwa malo okanizirawo, imakankha matako a boti, mphuno n'kutembenukira kumene mphepo ikuchokera. Ikakhala kutsogolo, imakankha mphuno, boti n'kumathawa mphepo. Mukapendeketsa mlongoti, mumasuntha matanga onse pamodzi ndi mphamvu yawo.

Mawaya onsewa ntchito yake ndi yotani?

Boti la anthu awiri nthawi zambiri limakhala ndi mawaya atatu. Wakutsogolo ndi forestay, amaletsa mlongoti kugwera kumbuyo. Awiri a m'mbali ndi ma shroud. Iwo amamangidwa chakumbuyo pang'ono kwa tsinde la mlongoti, motero amaugwira kuti usagwere kumbali komanso kutsogolo. Kumunsi kwa shroud kumakhala kachitsulo ka mabowo ondondozana kolowetsamo pini, kapena chomangira chozungulitsa chotchedwa bottlescrew.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi ichi: pa maboti ochuluka, thanga lakutsogolo, jib, limakhala ndi waya wakewake m'mphepete mwake. Mukalikweza ndi kukoka chingwe chake, wayayo ndi amene amasenza katundu yense, ndipo forestay amangolendewera. Ntchito ya forestay pa boti lotere ndi kugwira mlongoti jib ikatsitsidwa basi. Musavutike kumukunga.

Ndidziwa bwanji kuti mlongoti wapendekera mopitirira kapena moperewera?

Dzanja lanu pa chiwongolero ndilo lidzakuuzani. Sankhani tsiku la mphepo yapakatikati, imene inu ndi mnzanu mutha kukhala pamphepete pa boti popanda kulimbana nalo. Kokani matanga onse awiri, lunjikani pafupi ndi kumene mphepo ikuchokera monga momwe boti lingathere, ndipo onetsetsani kuti boti lagona mofanana, losapendama. Kenako masulani zala pang'onopang'ono mpaka mtengo wa chiwongolero utsale pa zala ziwiri.

Boti lokonzedwa bwino limakoka zalazo pang'ono chabe, ndipo mukasiyiratu limatembenukira kumphepo mwaulemu, matanga n'kuyamba kukupiza, boti n'kuima. Kukoka kwapang'onoku n'kofunika. Kumakuthandizani kumva boti, komanso mutagwera m'madzi boti lidzaima lokha m'malo mokuthawani.

Ngati mukulimbana ndi chiwongolero mpaka mkono kuwawa, ndipo kumbuyo kukumveka madzi akuwira, boti likufunitsa kumphepo mopitirira. Chiwongolero chokhota chonchi chimagwira ntchito ya buleki. Mwina mlongoti wapendekera kumbuyo kwambiri, koma musanaukhudze werengani funso lotsatirali.

Ngati mukasiya chiwongolero mphuno ikuthawa mphepo ndipo boti likuwonjezera liwiro, mlongoti uli kutsogolo kwambiri. Vuto limeneli ndimaliopa kuposa loyamba lija. Boti lotere limavuta kutembenuza, ndipo chimphepo chikabwera mwadzidzidzi limadzaza matanga m'malo mozitaya mphamvu. Likonzeni tsiku lomwelo.

Chiwongolero changa chikulemera kwambiri. Ndiimike mlongoti chakutsogolo?

Dikirani kaye. Mwa anthu amene amandifunsa funso ili, ambiri vuto lawo silikhala pa mlongoti. Boti likapendama, thupi lake pansi pa madzi silikhalanso lofanana mbali zonse, ndipo matanga amakhala atatuluka kunja kwa boti. Ziwiri zonsezi zimalitembenuzira kumphepo mwamphamvu kuposa bowo lililonse la pa shroud.

Ine ndinataya Loweruka atatu ku Malingunde ndikusuntha mapini. Ndinkatuluka, kubwerera kugombe, kusintha bowo, kutulukanso, dzanja likuwawabe. Tsiku lachitatu bambo wina wachikulire amene ankandionerera ali chikhalire pa ngolo ya boti lake anandiitana. Anati, "Achimwene, mlongoti wanu ulibe mlandu. Boti mukuliyendetsa chogona. Tulutsani thupi kunja, mumasuleko chingwe cha thanga lalikulu." Ndinatsekera mapazi pansi pa lamba, n'kutulutsa msana kunja mpaka madzi akundinyambita malaya, ndipo chiwongolero chinapepuka nthawi yomweyo. Choipa chinali chakuti ndinali nditaiwala bowo limene mapini anali poyamba, popeza sindinalembe paliponse.

Choncho yang'anani izi musanagwire mapini. Kodi boti lagona mofanana? Kodi thanga lalikulu simunalikoke mopitirira, kapena latha n'kukhala ndi chimimba chakumbuyo? Kodi jib mwaikoka mokwanira? Jib yokhwefuka imasiya thanga lalikulu likulamulira lokha. Yang'ananinso chiwongolero chenichenicho. Ngati ndi chopindika m'mwamba pofika kugombe, chikapanda kutsika mpaka pansi penipeni chimalemera ngati thumba la simenti, ngakhale zina zonse zili bwino. Kachingwe kotsitsira kakakhwepa pang'ono pokha, mumva kusiyana.

Ndiyeza bwanji kupendekeraku?

Pezani tepi yoyezera yaitali, ya amisiri omanga ija ya mamita 10 kapena kuposa. Imikani mlongoti, kwezani jib, kungani mawaya monga momwe mumachitira popita pamadzi. Kuyeza mawaya ali okhwefuka n'kutaya nthawi. Mangani mutu wa tepi pa chingwe chokwezera thanga lalikulu, ndipo mumangirirenso kachingwe kena kotsitsira, chifukwa tepi ikaduka chingwecho chidzatsalira kumwamba. Kwezani mpaka pamene mutu wa thanga umafika. Kokani tepi kufika pakati pa thabwa lakumbuyo kwa boti, transom, pamwamba pake, muwerenge.

Nambala ikachepa ndiye kuti mlongoti wapita kumbuyo. Ikakula, wapita kutsogolo. Ambiri amasokoneza pamenepa.

Chachikulu n'chakuti muziyeza mofanana nthawi zonse. Lembani kachizindikiro ndi penti pa transom pamene mumagunditsa tepi. Yezaninso kuchokera kumwamba kufika pa mzere umene uli pa mlongoti pafupi ndi boom, mtengo wogona wa kumunsi kwa thanga lalikulu, kuti mutsimikize kuti tepi yakwera pofanana ndi tsiku lina. Kukakhala mphepo tepi imapanga uta n'kunama, ndiye yezani m'mawa kusanayambe kuwomba.

Ndipo lembani. Kakope ka mwana wa sukulu kokulunga m'jumbo ndi kokwanira: tsiku, mphepo, bowo la pini kuwerenga kuchokera pamwamba, nambala ya pa tepi, ndi momwe chiwongolero chinamvekera.

Bowo limodzi limasintha zochuluka bwanji?

Zochuluka kuposa momwe diso likuonera. Pa mlongoti wa mamita 6, kupendeketsa ndi digiri imodzi yokha kumasuntha nsonga masentimita opitirira 10. Ma shroud amamangidwa pafupi ndi tsinde, choncho kusuntha pini pang'ono kumakula kukafika kumwamba. Mukatsitsa mapini bowo limodzi mbali zonse ziwiri n'kukunganso jib mpaka mawaya afike pamene anali, mlongoti upita kumbuyo. Mukakweza, upita kutsogolo.

Sinthani bowo limodzi, mukayese pamadzi, mubwerere mudzalembe. Mukasintha mapini, centreboard ndi malo a chingwe cha jib tsiku limodzi, boti litha kuyenda bwino koma simudzadziwa chimene chathandiza.

Boti likuyenda bwino mphepo ikachokera kumanja, koma moipa ikachokera kumanzere. Chavuta n'chiyani?

Kawirikawiri mlongoti wagwera mbali imodzi. Tengani chingwe chokwezera thanga lalikulu, muchigunditse pamene pamangidwa shroud wakumanja, mugwire ndi chala pamene chafika, kenako mupite nacho kumanzere mukukoka ndi mphamvu yofanana. Chikapitirira kapena kuperewera, nsonga siili pakati. Pa maboti akale musadalire kuwerenga mabowo kokha, chifukwa mawaya awiriwo atha kukhala osiyana utali, makamaka ngati wina anasinthidwapo yekha.

Mukatero, ikani tsaya pa mlongoti muyang'ane kumwamba motsata ngalande yolowamo thanga. Iyenera kuwongoka cham'mbali kuchokera pansi mpaka kunsonga. Ikakhota ngati njoka, onani funso la ma spreader.

Mawaya ndiwakunge motani? Ndilibe chida choyezera.

Chida chodziwika ndi cha Loos, chimene mumachikoleka pa waya n'kuwerenga nambala. Ngati mnzanu ali nacho, bwerekani kamodzi, mukunge bwino, kenako mulembe chizindikiro pa chingwe cha jib kapena pa mano amene chimakoledwapo. Kuyambira pamenepo chizindikirocho ndicho chida chanu.

Ilipo njira ina ya tepi yokha. Waya wa stainless wa mtundu wa 1x19 (timaulusi 19 topotedwa pamodzi), amene ndi wofala pa maboti, amatanuka milimita imodzi pa mamita 2 aliwonse akasenza magawo 5 pa 100 a katundu amene angamudule. Lembani zizindikiro ziwiri pa waya motalikirana mamita 2 ali wongowongoka, mukunge, muyezenso. Kusiyanako n'kochepa kwambiri moti pamafunika diso labwino ndi kuleza mtima, koma njirayi imagwira pa waya wonenepa mulimonse malinga ngati ndi 1x19.

Kukunga kumathandiza kuti mphepete mwa jib musagwe ngati uta. Jib ikagwa chonchi imakhala ndi mimba yaikulu, ndipo boti limalephera kulunjika pafupi ndi mphepo. Koma ndikuchenjezeni, ndipo ndikunena izi chifukwa maboti ambiri amene timagulana kuno ndi okalamba. Nambala zimene mudzapeze m'mapepala a opanga matanga zinalembedwera maboti atsopano a mpikisano. Boti la matabwa kapena la fibreglass la zaka 30 silingapirire mphamvu imeneyo. Katundu yense wa mawaya amapanikiza tsinde la mlongoti pansi ndi kukoka m'mbali mwa boti m'mwamba. Mukamva kulira kwa thabwa, kapena kuona timing'alu tonga ukonde wa kangaude pozungulira pomangira shroud, lekani pomwepo mubweze. Ndipo mukafika kugombe masulani jib, musasiye boti lili chikungire padzuwa sabata yonse.

Shroud wa mbali yosachokera mphepo akulendewera tikamayenda. N'zoopsa?

Kukhwepa pang'ono mphepo ikakula n'kwachibadwa, popeza katundu yense ali pa mnzake. Akamakupiza ngati chingwe choyanikira zovala pa mphepo yapakatikati, mawaya ndi okhwefuka, onani funso lapitali. Choopsa chenicheni n'chakuti waya wolendewera amagwedeza pini, ndipo ngati kamphete kotsekera katseguka piniyo imagwa. Simudziwa kanthu mpaka mutatembenuza boti, mlongoti n'kugwera m'madzi. Kulungani timphete tonse ndi tepi yamagetsi.

Kodi ndizisintha mlongoti malinga ndi mphepo? Mwera ndi wosiyana ndi kamphepo ka ku damu.

Inde, ngati boti lanu limalola. Panyanja, mwera umawomba kuchokera kumwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, makamaka June mpaka August, ndipo umatha masiku ukuutsa mafunde aakulu. Mpikisano wautali wa maboti a matanga wa pa Nyanja ya Malawi umachitika nyengo yomweyo. Nthawi ya mvula kumabwera mpoto, pamodzi ndi mabingu amene amasintha zinthu m'kanthawi kochepa. Ku damu madzi ndi osalala, koma mphepo imadukizaduka ndi kusintha mbali chifukwa cha mitunda ndi mitengo yozungulira.

Pa mphepo yochepa mlongoti umaima chakutsogolo kuti matanga agwire mphamvu yonse. Mphepo ikakula amaupendeketsa kumbuyo. Apa munthu amadabwa, chifukwa tanena kale kuti kupendeketsa kumbuyo kumalemeretsa chiwongolero. Zoona, koma kumachitanso china. Mlongoti ukapita kumbuyo, ngodya yakumbuyo ya jib imatsika, chingwe chake chimakoka chogona, ndipo kumtunda kwa jib kumatseguka n'kutaya mphepo yowonjezera. Mpata wa pakati pa jib ndi thanga lalikulu umakula. Boti limaleka kupendama, ndipo boti losapendama chiwongolero chake n'chopepuka. Kulemera kotsalako mumakuchotsa pokweza centreboard pang'ono. Centreboard yozungulira pa bawuti ikakwezedwa nsonga yake imapita kumbuyo, n'kutsatira matanga kumene apita.

Kumbukirani kuti boom nayo imatsika. Uzani mnzanu aweramitse mutu kwambiri potembenuka.

Pali chinanso cha kuno kwathu. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Kumtunda kuno mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi kugombe la nyanja yamchere, ndiye mphepo ya liwiro lomwelo imakankha thanga mofookerapo. Mapepala a ku Ulaya akanena kuti muyambe kutaya mphamvu pa liwiro lakutilakuti, ku Malingunde mutha kuchedwerapo. Tsatirani kupendama kwa boti lanu ndi kulemera kwa anthu amene alimo.

Boti langa lilibe mawaya. Izi zikundikhudza?

Zitengera mtundu wake. Optimist, kaboti ka ana kamene Clark Mills anakapanga mu 1947, kalibe waya ngakhale mmodzi, koma kupendekera kumasinthika. Tsinde la mlongoti limakhala m'kachikho kamene kamasuntha ndi bawuti. Mukasunthira tsinde kutsogolo, nsonga imapita kumbuyo. Poyeza kuchokera kunsonga kufika pamwamba pa transom, ambiri amayambira pakati pa masentimita 280 ndi 285, mwana wopepuka chakumunsi kwa nambalazi, wolemera chakumtunda. Makolo, musaiwale chomangira choletsa mlongoti kuzuka boti likagubuduka. Ukazuka m'kachikho umathyola thabwa limene umadutsamo.

Laser, imene tsopano imatchedwa ILCA, mlongoti wake umangolowa m'dzenje la pa boti ndipo palibe chosintha. Mumaupinda ndi chingwe cha thanga ndi kicker, chingwe chokokera boom pansi. Ntchito yanu ndi kusamala dzenjelo: mchenga wa ku Senga Bay ukalowamo umapera pansi pake mpaka kubowoka. Tsukani mlongoti ndi dzenje musanaimike.

Hobie 16, ya mabwato awiri ija, imakonda mlongoti wopendekera kumbuyo kwambiri. Zimathandiza kuti mphuno zisamire m'mafunde, ndiponso popeza ilibe centreboard, ziwongolero zake zimasenza gawo lalikulu la kukaniza. Malire ake ndi pamene mapule (timagudumu toyendamo chingwe) a chingwe cha thanga lalikulu akugundana thanga lisanakungike. Mukafika pamenepo mwapitirira.

Ma spreader ndiwakhudze?

Ndi timikono tiwiri ta pakati pa mlongoti timene timakankha ma shroud kunja. Utali wake umalamulira kulimba kwa mlongoti cham'mbali: tatitali timauumitsa, tatifupi timaulola kupinda n'kutaya mphamvu, zimene zimathandiza anthu opepuka. Tikaloza kumbuyo kwambiri timakankha pakati pa mlongoti kutsogolo, thanga lalikulu n'kuphwa mimba.

Kwa woyamba, langizo langa ndi loti mungotsimikiza kuti tonse tiwiri n'tofanana utali ndi ngodya, ndipo nsonga zake zagwira waya zolimba osatsetsereka. Zotsalazo zidikire mpaka kakope kanu kadzaze masamba angapo.

Waya wotha ndimuzindikira bwanji? Ndingagule wa ku hardware?

Waya amathera kumapeto, pamene akulowa m'chitsulo chopanidwa. Pindani pang'ono pamenepo muyang'anitsitse. Kaulusi kamodzi kakaduka, wayayo watha ntchito, ndipo mnzake wa mbali ina ndi wa msinkhu womwewo, sinthani onse. Musayese ndi chala, timaulusito timabaya koopsa. Pititsani kansanza, kakakodwa mwapeza. Waya amene anapindika mpaka kupanga chigongono sabwereranso mphamvu ngakhale mumuwongole. Yang'ananinso ma rivet ogwira zitsulo pa mlongoti. Ufa woyera powazungulira ndi chizindikiro chakuti stainless ndi aluminiyamu zikudyana. M'madzi athu opanda mchere zimachedwa, koma maboti ambiri anafika kuno atayenda kale pa nyanja yamchere.

Ku Malangalanga mupeza tepi, sipanala, girizi ndi zingwe, koma waya wofewa wa galvanised ndi timabawuti tomupanira si za mlongoti. Amatanuka, amachita dzimbiri, ndipo timabawutito timatsetsereka. Mufunika stainless 1x19 wa kunenepa kofanana ndi wakale, pa maboti ang'ono kawirikawiri mamilimita 2.5 kapena 3. Ambiri timaitanitsa ku South Africa. Tumizani waya wakaleyo ngati chitsanzo, kapena muyeze kuchokera pakati pa bowo lakumtunda kufika pakati pa bowo lakumunsi, mujambulenso zitsulo za kumapeto. Ngati muli ndi bottlescrew, pakani girizi pa mazinga musanazungulitse, chifukwa stainless youma imagwirana n'kuuma kosamasukanso.

Ndikakoka boti kupita ku Salima, ndiyambirenso kuyeza?

Ngati munalemba mabowo, ayi, kungotsimikiza ndi tepi basi. Koma msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100 kufika ku Salima, kuwonjezapo ena 20 kukafika ku Senga Bay, ndipo kugwedezeka kwa ulendo wonsewo kumamasula zinthu. Mangani mawaya pa mlongoti m'malo angapo kuti asakwapule aluminiyamu kapena kukhwekhwereza pa phula. Mapini ndi ma shackle (tizitsulo tolumikizira mawaya ndi zingwe) chotsani muike m'kabotolo, osawasiya akulendewera. Tengani apadera awiri kapena atatu, chifukwa pini ikagwera mumchenga siipezeka.

Musanaimike mlongoti, yang'anani kumwamba. Aluminiyamu imadutsa magetsi, ndipo mawaya a magetsi amapezeka pafupi ndi malo ambiri ogona a m'mphepete mwa nyanja. Yang'ananinso njira yonse imene mudzakankhe ngolo kuchokera poimikira kufika kumadzi. Lozetsani mphuno ya boti kumphepo, mangani ma shroud onse awiri mlongoti udakali chigonere, wina aukweze ali m'boti, wina akoke forestay. Kukamveka bingu, siyani zonse mukhale kutali ndi mlongoti.

Ndagula boti lakale, sindikudziwa nambala zake. Ndiyambire pati?

Fufuzani kaye mtundu wake. Chizindikiro cha pa thanga chimanena: GP14 ili ndi belu, Enterprise imadziwika ndi matanga a buluu, Mirror ndi ofiira. Mukadziwa mtundu, opanga matanga amaika nambala zoyambira pa intaneti, ndipo muzitenge pamodzi ndi chenjezo la pa funso la kukunga lija.

Zikakanika, ikani boti pa udzu, muligonetse mofanana ndi levulo ya amisiri poyang'ana mzere umene madzi anasiya m'mbali mwake. Mangani nati yolemera pa chingwe chokwezera thanga, muisiye ilendewere pa msinkhu wa boom. Ikhale kumbuyo kwa mlongoti pafupifupi chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Yang'ananinso tizitsulo ta mabowo tija: bowo limene lakula ndi kunyezimira ndi limene mwini wakale ankagwiritsa ntchito zaka zonse. Ikani pini mmenemo, yezani ndi tepi, lembani pa tsamba loyamba, mukayese pamadzi ndi zala ziwiri.